Njira Yanga ya ku Bertrams

Ndinafika ku Joni m'nyengo yozizira, amuna anga atakhalako kale zaka ziwiri. Ankagwira ntchito mosungira katundu wa zomangira nyumba, ndipo ankachita lendi chipinda chimodzi m'fulati ina ku Hillbrow, pamwamba penipeni, poti lifiti ikafa munthu umafika utatheratu. M'zipinda zinazo munali anyamata a ku Zambia ndi banja lina la ku Congo. Onse ankalawirira m'mamawa, ine n'kutsala ndekha ndi zenera.

Kwathu ku Ntcheu sindinasocherepo. Wokulozera njira amakuuza kuti ukafika pachigayo ukhote, ukadutse pamkuyu, ukaona nyumba ya malata ofiira ukafunse. Umafunsadi, ndipo wina amasiya zimene akuchita n'kukuperekeza. Amuna anga sankaloza njira chotero. Iwo ankatchula maina a misewu, onse a azungu amene sindinawamvepo, n'kuwonjezera manambala, kumpoto, kum'mwera. Ndinkavomera ndi mutu, koma akangotseka pakamwa zonse zinali zitatuluka kale.

Tsiku lina kuntchito kwawo kunabwera mayi wodzaphunzitsa za kagwiridwe ka ntchito. Anawauza kuti ubongo wa munthu uli ndi mbali ziwiri: ena amaganiza ndi ya kumanzere, yokonda manambala ndi dongosolo, ena ndi ya kumanja, yokonda zithunzi, mitundu ndi nkhope za anthu. Kaya zinali zoona, kaya mayiyo ankangofuna podyera, ine sindidziwa. Koma amuna anga anabwera nazo kunyumba ali wosangalala ngati atola nkhwangwa ndi mpini womwe.

"Tsopano ndamvetsa vuto lako," anatero akuvula nsapato. "Iwe ndiwe wa kumanja. Ine ndine wa kumanzere. Si kupusa ayi, ndi mmene unabadwira."

"Ndiye Joni anamangira a mbali iti?" ndinafunsa.

"A kumanzere," anayankha osaseka n'komwe.

Mawu amenewo anakhazikika m'nyumba. Ndikaika mchere mopanda kuyeza, wa kumanja. Ndikaiwala nambala ya chitseko chathu, wa kumanja. Sankanena mwachipongwe, koma ndinkapsa mtima, chifukwa munthu akakupatsa dzina la matenda ako amasiya kukumvetsera.

Ulendo woyamba umene ndinatuluka ndekha, kupita kukiliniki, ndinasochera. Ndinachita zakwathu: ndinaimitsa bambo wina, kumupatsa moni mwaulemu, n'kufunsa njira m'Chizulu changa chothyokathyoka. Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi, n'kuitana anzake kuti adzaone kwerekwere wosochera, dzina lonyoza limene amatchula ife obwera. Ndinabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, kukiliniki osafikako. Amuna anga atamva anagwira mutu.

"Kuno sitifunsa njira. Ukatsegula pakamwa adziwa kuti ndiwe wobwera. Atsotsi akumva, apolisi akumva. Usamatuluke wekha, please. Uzidikira Lamlungu ndizikutenga."

Njira yawo sinkailowa m'mutu mwanga, ndipo yanga anali ataitseka. Ndinakhala m'chipinda chija miyezi. Ndinkachapa zovala zochapa kale. Ndinkalankhula ndi wailesi yolankhula zinenero zimene sindinkamva. Ndinasungulumwa moti masiku ena ndinkadzipatsa moni ndekha mokweza, kuti ndimveko Chichewa dzuwa lisanalowe.

Kupatula amuna anga, munthu mmodzi yekha ndi amene ndinkamudziwa mumzinda wonsewo. M'basi yobwera kuno ndinakhala mpando umodzi ndi mayi wina wachikulire wa ku Dedza, wogulitsa zitenje. Tinagawana mbatata yootcha njira yonse ya ku Tete. Potsika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndimakhala ku Bertrams, kumunsi kwa bwalo la mpira. Nyumba ya mpanda wobiriwira, pakhomo pali mtengo wa mapichesi, ndipo ndinabzala mnkhwani. Ubwere tidzacheze." Nditawauza amuna anga anafunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Ndinalibe. Anati popanda zimenezo kunali kungotaya nthawi, Bertrams si mudzi.

Zenera lija ndi limene linandiphunzitsa. Kuchokera pamwamba ndinkaona chinyumba chachitali chozungulira ngati nkhokwe, ndipo kuseri kwake, kumunsi, denga la bwalo la mpira. Ndinayamba kuloweza zimene zinali pakati: tchalitchi cha njerwa zofiira, khoma lojambulapo nkhuku yaikulu, malo amene matakisi oyera ankaunjikana, mzere wa mitengo yotulutsa maluwa ofiirira. Mitengoyo itachita maluwa, njira yonse inaoneka yokha.

Lachitatu lina ndinavala juzi ndi thalauza, duku n'kulisiya kuti ndisadziwike, ndipo ndinatsika. Sindinapatse munthu moni, ndipo kudutsa anthu akuluakulu chete kunandipweteka kuposa mantha. Ndinapeza nkhuku ya pakhoma ija, ndinadutsa matakisi, ndinazungulira nkhokwe, n'kutsetsereka mpaka kubwalo la mpira. Kumunsi kwake ndinayenda msewu ndi msewu, kusuzumira m'mipanda. Mipanda yobiriwira inalipo yambiri, mapichesi analiponso. Koma mnkhwani woyanga pawaya unali panyumba imodzi yokha.

"Odi kuno!" ndinaitana.

Chitseko chinatsegulidwa, ndipo amayi aja anandiyang'ana kanthawi, kenako anaomba m'manja. "Eish, mnzanga wa mbatata! Ndimayesa Joni anakumeza. Lowa, lowa, mlendo sayima pakhomo."

Ndinalira asanandipatse n'komwe mpando. Anandisiya ndilire, iwo akutereka tiyi. Tinacheza za mvula ya kwathu, za mitengo ya zitenje, za ana awo amene anabadwira kuno ndipo amayankha m'Chizulu akawalankhula Chichewa. Ndinalankhula ngati ndikulipidwa. Nditawauza za ubongo wa kumanja anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti malemu amuna awo, amene anagwira ntchito m'migodi, analinso otero, kungoti masiku amenewo matendawa analibe dzina. Nthawi inatha osaiona. Ananditchoreratu mnkhwani wodzaza pepala, n'kundiperekeza mpaka pabwalo la mpira.

Ndinabwerera ndikuyenda ngati mwini mzinda. M'njira ndinkakonza mmene ndikawafotokozere amuna anga, ndi mmene ndikawasekere.

Ndinawapeza atakhala pamasitepe a pakhomo la fulati, akadali m'ovolosi. Tsiku limenelo magetsi anazima kuntchito kwawo ndipo anaweruka masana. Atapeza m'chipinda mulibe munthu anatuluka kukandifuna. Milomo inali itauma, nsapato zili mbuu. Atandiona sanakalipe. Anangoimirira pang'onopang'ono, atagwira khoma.

"Unali kuti?"

"Ku Bertrams, kwa amayi aja. Ndafika, bambo! Ndapeza nyumbayo ndekha. Onani mnkhwani."

Mnkhwaniwo sanauyang'ane. "Ndayenda misewu yonse imene ndinakuphunzitsa. Yonse, kupita ndi kubwerera. Ndafika kukiliniki, ndafika kupolisi. Unadzera msewu uti?"

Ndinayamba kuwauza za nkhuku ya pakhoma, za matakisi, za mitengo ya maluwa. Ankandiyang'ana pakamwa, akuyesetsa ndithu kuti amve, ndipo ndinaona kuti palibe chimene chikulowa. Munthu amene ankadutsa m'dera limenelo tsiku ndi tsiku anali asanaionepo nkhuku ija. Kuseka kumene ndinakonza kunandithera. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadzimveranso chisoni ndekha.

"Dzina la msewu, ngakhale umodzi wokha," anapempha motsitsa mawu.

"Sindikudziwa."

Anakhalanso pansi pamasitepe paja, anthu akutidutsa uku ndi uku, n'kuphimba nkhope ndi manja awo akuda ndi simenti.

"Nanga tsiku limene sudzabwerako," anatero, "ndidzakakufuna kuti?"

Ndinakhala pansi pambali pawo, mnkhwani wanga uli m'manja.