CD ya Nyimbo za Ababa

Achimwene, lero ndikukonza m'kabati ndapeza CD ija munalembapo ndi dzanja lanu kuti "Ababa, nyimbo za kumgodi". Mukukumbuka tsiku lija ku Kadoma, nthawi imene m'mashopu munalibe ngakhale buledi? Munaika pulogalamu yatsopano m'kamakina kowotchera ma CD kuti kazithamanga, koma kompyuta inangosiya kukazindikira. Ababa anali gone m'chipatala, akufuna kumva nyimbo zimene munawajambula. Ine ndinati, "Zisiyeni, zafa izi." Inu munayankha kuti, "Chemwali, dzulo kamagwira ntchito. Ndakasokoneza ndine, ndikakonzanso ndine." Magetsi atazima munasenza kompyuta yonse, n'kukwera lole mpaka ku Chegutu kumene ankayaka, n'kukabwezeretsa pulogalamu yakale, n'kuwotcha CD ija. Ababa anadzimva akuimba asanatisiye, mpaka anaomba m'manja.

Tsopano nanunso munapita, ndipo laputopu yanga ilibe poika CD. Ana anga ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chishona. Sindinenanso kuti zafa, achimwene. Ndizungulira Kadoma yense mpaka makina oimbira CD ndiwapeze, ndipo ana amenewa amva agogo awo akuimba, zivute zitani.