A Sodnom ndi Mapazi a ku Beijing

A Sodnom munthu samuyang'ana kumaso, amayamba nsapato. Zaka makumi atatu akhala pa kampando kawo mumsika wa Narantuul akusoka majombo, moti pongoona chidendene amadziwa amene wangokwatira kumene ndi amene mkazi wamuthawa. Akaweruka amaimba morin khuur, kaligo wathu wa zingwe ziwiri wa mutu wa hatchi. Kale ankaimbira khoma basi. Anawakokera m'gulu la nyimbo zamakolo ndi mwana wawo Urangoo, pamene mnyamata amene ankaimba kaligoyo m'gulumo anapita ku Korea kukafuna ntchito.

China chimene amadziwika nacho ndi mwambo. Tonse kwathu tikaponda munthu phazi timamugwira dzanja pomwepo kuti pasakhale chidani. Koma ambirife m'basi timangokhudza chala n'kupitirira. A Sodnom ayi. Amagwira dzanja lonse, kuligwedeza, n'kufunsanso ngati ziweto zanenepa. Akuti tsiku lina anaponda galu, ndipo anamugwira mwendo wakutsogolo.

Nkhani ya ku Beijing ambiri amaikamba molakwika. Yoona ndi iyi.

Gulu la Urangoo linaitanidwa ku chionetsero cha masana cha magulu a nyimbo za roko a ku China ndi magulu athu. Anagona m'sitima kuti akafike. Anapatsidwa mphindi makumi awiri zokha, kuyambira folo koloko. Mayi Pei, amene ankayendetsa zonse wotchi ili m'manja, anachenjezeratu kudzera mwa womasulira kuti gulu likaitanidwa lisanakwane, lidumphidwa basi.

"Ababa, mwamva?" anatero Urangoo. "Zaka zitatu ndakhala ndikulembera anthu awa. Musasunthe pano."

"Ndipite kuti ine? Ndikudziwa ndani kuno?"

Folo itayandikira, a Sodnom anatuluka kukafuna madzi otentha a tiyi wawo wamchere. Chitseko chakumbuyo chinadzitseka chokha, kho! Anagogoda, koma m'katimo anyamata a ku Chengdu ankamenya magitala ngati awalakwira. Anazungulira n'kukalowera kutsogolo. Atalowa anaima chilili. Nsanja inali uko kumapeto, ndipo pakati panali achinyamata mazanamazana akudumpha, akugundana mapewa dala, akuseka.

Anayang'ana pansi. Tinsapato tansalu tokhatokha. Iwo anali m'majombo awo achikopa okhota kumphuno, olemera ngati njerwa.

Atangoponya phazi, anaponda mtsikana wa tsitsi lobiriwira. Anamugwira dzanja.

"Pepa mwanangu, sindinachite dala."

Mtsikanayo sanamvepo kanthu, koma anakuwa mokondwa n'kuwajambula pa foni. Phazi lachiwiri, mnyamata wa mandala. Dzanja. Lachitatu anaponda awiri nthawi imodzi, ndiye anapingasa mikono. Ena ataona mdala wa mkanjo wabuluu akupereka moni, anayesa ndi katswiri wamkulu. Anayamba kubwera okha manja ali patsogolo, ndipo pobwerapo ankawaponda iwowo.

"Aa, iwe, wandiponda ndiwe! Bwera nalo dzanjalo. Kwanu sanakuphunzitse?"

Nyimbo yomaliza ya anyamata a ku Chengdu inatha a Sodnom asanafike ndi pakati pomwe. Pansanja Mayi Pei ankayang'ana wotchi. Urangoo anali atakumbatira morin khuur wa bambo ake, maso akuunguza. Atawaona, analanda maikolofoni.

"Ababa! Siyani manja a anthu! Pondani muzibwera!"

A Sodnom ali ndi mawu a kumsika, safuna maikolofoni.

"Ndisiye bwanji? Ukufuna ndidane ndi China yonse?"

"Sakudziwa n'komwe zimenezo!"

"Ndikudziwa ndine!"

Mayi Pei anakweza zala ziwiri. Mphindi ziwiri.

Nthawi yomweyo a Sodnom anaponda chimnyamata china chachitali ngati ngamila. Asanatambasule dzanja, Urangoo anakuwa m'Chitchaina chake chothyokathyoka kuti: "Bambo anga awo! Ofunika kuno! Msanga!"

Chimnyamatacho chinayang'ana kunsanja, chinayang'ana mdalayo.

"Agogo, gwirani chipewa."

A Sodnom sanamve. Anangozindikira ali m'mwamba chagada, manja a anthu akuwapatsirana ngati thumba la ubweya. Anayamba kukalipa, koma anasiya pakati. Anaona kuti mapazi ali m'mlengalenga, sangapondenso munthu. Kenaka anakumbukira: nanga mitu? Jombo likakhudza mutu wa munthu, ndiye dzanja silikwana. Anapinda miyendo, kukumbatira majombo pachifuwa, n'kumayandama atadzikunga ngati mwana wobadwa kumene, uku akuuza denga kuti, "Pepani, pepani nonse."

Anawatula pansanja Mayi Pei atatsegula kale pakamwa kuti aitane gulu lina. Mayiyo anatseka pakamwapo n'kuika wotchi m'thumba.

A Sodnom anakhala pampando chipewa chili chopendekeka, anakoka uta, ndipo kaligo analira ngati hatchi yaona inzake. Holo yonse inati zii. Ng'oma italowa, achinyamata aja anayambiranso kudumpha, tsopano motsatira kuthamanga kwa hatchi. Urangoo anaimba nyimbo ziwiri osawayang'ana bambo ake. Pa yachitatu anacheuka, ndipo anaphonya mzere chifukwa cha kuseka.

Atatsika, anzawo ankakumbatirana, koma a Sodnom anali atasowanso. Urangoo anawapeza panja pa masitepe. Anali atachipeza chimnyamata chija, poti anachiponda koma dzanja sanaligwire. Analigwedeza mokwanira, n'kufunsa za ziweto. Kenaka anayang'ana pansi, anapukusa mutu, n'kutulutsa chisongole ndi ulusi mumkanjo.

"Vula," anatero, akuloza nsapato imene inali itayasama kutsogolo. Apa womasulira sanafunike.

Lero ali pa kampando kawo komwe kaja. Mukawafunsa za Beijing, sanena za nyimbo.

"Anthu abwino kwambiri," amatero. "Koma nsapato zawo, ayi ndithu."