Mpando wa Kumbuyo

Ndikukumbukira ndowa ziwiri, yofiira ndi yobiriwira. Yofiira inali ya matayala, yobiriwira inali ya thupi la galimoto, ndipo iliyonse inali ndi nsanza yake. Ukasokoneza nsanzazo, amalume a Gidiyoni sankakuyankhula mpaka dzuwa kulowa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, nditangolowa giredi seveni, chaka cha mayeso. Kwathu ndi ku Mlolo, koma ndinkakhala kwa amalumewo pa boma la Chadiza chifukwa kusukulu ya kumudzi anali atatopa nane. Ndinagulula mnzanga dzino pa nkhani ya mpira. Mwamuna wachiwiri wa amayi sankafuna mwana wa ndewu pakhomo pake, ndiye amayi anandigwira dzanja n'kukandisiya kwa mlongo wawo. Amalume anandilandira ndi lamulo limodzi lokha.

"Misheki, pano udya, uvala, uphunzira. Koma tsiku limene udzakweze dzanja pa munthu, usadzadikire kuti ndikuuze. Udzangomanga katundu wako."

Chaka chathunthu manja anga anakhala m'thumba. Ndisaname, sizinali zophweka. Ana a pa boma ankanditcha wa kuthengo, ine n'kumangoluma lilime mpaka kumva mchere m'kamwa. Ndinkadziwa kuti amayi akuwerengera sukuluyo.

Amalume anali kalaliki mu ofesi ina ya boma. Galimoto yawo inali yoyera, yaing'ono, yogula kwa munthu, ndipo inali itaona misewu yambiri isanafike kwa iwo. Koma Loweruka lililonse m'mawa ankaitsuka okha pansi pa mtengo wa mango, ngati mwambo wa tchalitchi. Ankayamba kuithira madzi okhaokha, nsanza isanaikhudze, chifukwa ankati fumbi ndi mchenga, ukalipukuta louma limalemba penti. Ankayambira padenga kutsika pansi. M'makona ankalowetsa mswachi wakale. Magalasi ankapukuta ndi nyuzipepala, matayala n'kuwapaka polishi ya nsapato. Ine ntchito zanga zinali ziwiri: kutunga madzi ku mjigo, ndi kuika mwala kuseri kwa tayala, popeza bwalo lathu linali lotsetsereka ndipo buleki yamanja inali yotopa. Kukhudza penti ayi.

Anthu otsuka galimoto kumtsinje sankafuna n'kuwamva komwe. "Aja nsanza imodzi, tayala yomweyo, galasi yomweyo," ankatero. "Munthu wa manja awiri n'kumalipira mnzake kuti amutsukire? Mawa adzalipira womusambitsa."

Loweruka lina mu Januwale, thovu lidakali padenga, foni yawo inalira. Anali amayi aang'ono, mng'ono wa amayi anga. Amayi anali oyembekezera, ndipo zinthu zinali zitayamba nthawi isanakwane. Magazi sankasiya. Amalume anataya nsanza pansi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kundiuza kuti ndikwere, popeza msewu wa dzinja umafuna wokankha.

Ku Mlolo azimayi anawanyamula pa mphasa n'kuwagoneka pa mpando wa kumbuyo, mutu pa miyendo ya amayi aang'ono. Ine anandikhazika kutsogolo.

"Usacheuke," anatero amalume.

Sindinacheuke. Tinatitimira kawiri m'matope, ndipo kawiri konse ndinakankha nditatsinzina kuti ndisaone pagalasi la kumbuyo. Koma makutu alibe zikope. Ndinkamva amayi aang'ono akuti limbani, limbani, tafika. Ndinkamva fungo ngati la chitsulo chonyowa. Kenako ndinamva mawu a amayi, otsika kwambiri.

"Alongo, pepani. Ndakuipitsirani galimoto."

"Iwe Esinati, usandipusitse," anayankha amalume, maso ali pamsewu. "Galimoto timatsuka."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinawamva kwa amayi anga. Sanaitane dzina langa. Anapepesa chifukwa cha mpando. Nyumba za malata za pa boma zitayamba kuoneka, amayi aang'ono anasiya kunena kuti limbani. Amalume sanachepetse liwiro. Anayendetsa mpaka pakhomo penipeni pa chipatala ngati kuti sanamve kuti kumbuyo kwati zii.

Maliro tinapita nawo kumudzi pa lole ya anthu a mpingo. Galimoto inatsala pansi pa mango, yokhoma, magalasi otseka. Za pamaliro sindikumbukira zambiri. Kwathu achibale sagwira mtembo wawo, sakumba manda awo. Zimenezo amachita adzukulu, anthu a mudzi wina, ndipo amazichita akuseka, akunyogodola womwalira ndi ofedwa omwe. Ine zonsezo zinandipita kumbali. Masiku atatu ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, nditatseka makutu, ndipo palibe anandifotokozera kalikonse.

Tinabwerera ku boma Lachisanu. Galimoto inali itakhala sabata yonse padzuwa ndi pamvula. Ntchentche zinkazungulira pazitseko, kufunafuna polowera.

Loweruka ndinadzuka ndisanadzutsidwe. Ndinatunga madzi mpaka mgolo kudzaza. Ndinaika ndowa yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, nsanza iliyonse pa ndowa yake. Mumtima ndinkati lero andilola kukhudza. Titsuka awiri, mlongo wa amayi ndi mwana wawo, chifukwa zimene zinali pa mpando uja ndizo zokha za amayi zimene zinali zisanakwiriridwe.

Amalume anatuluka, naima pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana ndowazo. Kenako anatuluka pageti. Anabwera ndi munthu wamfupi, wa imvi za apa ndi apo, wovala majombo odula m'akakolo. Ndinkamudziwa. Anali a Lameki, mmodzi wa otsuka galimoto kumtsinje, anthu omwe aja a nsanza imodzi.

"Bwana, lero kugwa matalala," anatero a Lameki. "Inu kundipatsa makiyi ine?"

Amalume anawapatsa makiyi, anawapatsanso ndalama, n'kulowa m'nyumba. Ndinamva loko akutembenuka.

Mukudziwa mmene zinandilowera? Ndinati, fumbi amatsuka okha, ndowe za mbalame amatsuka okha, koma magazi a mlongo wawo awanyansa. Awagulira munthu wa ganyu.

A Lameki anatsegula chitseko cha kumbuyo. Fungo linatuluka ngati munthu. Iwo anangoimba kaluzu, n'kundiyang'ana.

"Ndiwe mwana wa Esinati, eti? Ha! Mayi wako ndi waulesi. Waona udzu wakula m'munda wa nsawa, wati ine kupalira ayi, ndathawa. Pothawanso njinga waikana, wafuna galimoto, mpando wa kumbuyo ngati bwana."

Anatchula amayi ngati akutchula mwana. Kenako anawerama, dzanja lawo linadutsa ndowa yobiriwira, n'kutola nsanza ya mu ndowa yofiira. Nsanza ya matayala, yakuda, yong'ambika, imene inkachotsa ndowe za ng'ombe. Anaiika pa mpando pamene panagona amayi anga.

Sindikumbukira ndikuwerama. Ndikukumbukira kulemera kwa mwala uja wa kuseri kwa tayala, ndi kuzizira kwake. A Lameki anali atatembenukira kwa ine kuti afinye nsanza. Mwala unawapeza pa diso la kumanzere. Anakhala pansi m'matope, manja kumaso, osakuwa. Galimoto, poti mwala unali utachoka, inayamba kubwerera pang'onopang'ono, chitseko chili pululu, mpaka inakatsamira tsinde la mango.

Amalume anatuluka. Sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya. Anaitana wanjinga pamsewu, n'kuwakweza a Lameki, iwo n'kumathamanga pambali atawagwira msana. Galimoto ili pomwepo, makiyi ali pachitseko. Atabwera masana anandipeza nditamanga kale katundu. Anayang'ana chikwama, anandiyang'ana ine. Sanandiuze kanthu. Anali atandiuza kale.

Sukulu yanga inathera pamenepo. Diso la a Lameki nalonso linathera pamenepo. Kupolisi a Lameki anakana kupita.

Zaka zitatu ndinakhala ku Mlolo kwa amayi aang'ono, kuweta ng'ombe za eni ake ndi kupalira nsawa zomwe zija. Nditafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinabwerera pa boma kufuna ganyu. Pamsika, pachigayo, pa siteji ya minibasi, paliponse ankandidziwa. Uyu ndi uja wa mwala. Tsiku lachitatu, njala itandipinda, ndinatsikira kumtsinje kuti ndikangomwa madzi.

"Iwe wa mwala!" Mawu aja sindikanawaiwala. "Wabwera kudzamaliza diso lotsalali?"

Ndinafuna kuthawa. A Lameki anandiponyera nsanza pachifuwa. "Minibasi iyo ikubwerera ku Chipata masana. Yambira padenga. Miyala ya pano yonse ndinaiwerenga."

Ndinagwira nawo ntchito mwezi wathunthu tisanatchule za tsiku lija. Ndinkaima mbali ya diso lawo labwino kuti ndisamaone linalo, lotuwa ngati madzi a sopo. Tsiku lina kulibe galimoto, anatulutsa kapepala ka pulasitiki m'chikwama chawo n'kundipatsa. Munali duku la amayi, la maluwa achikasu, lochapa, lopinda bwino.

"Linali pansi pa mpando," anatero. "Ndinalipeza nditabwerera."

"Munabwerera?"

"Ndi bandeji kumaso. Ntchito ya maliro saisiyira pakati."

Ndiye anandifunsa ngati ndimadziwa kwawo. Sindinkadziwa. Anatchula mudzi wa kutsidya kwa dambo lathu, mudzi womwe anthu ake anakumba manda a amayi. Pa otsuka onse a kumtsinje, amalume sanatenge wotchipa kapena waluso. Anatenga mdzukulu.

"Anafika pano m'mawa uja, anaima apo pali tayala lakuthalo. Anati, Lameki, ndinamuuza Esinati kuti galimoto timatsuka. Manja akukana. Basi, sananene china."

"Nanga nsanza ya matayala?" Mawu anga anatuluka okwera, ndinamva magazi akubwera kumutu ngati kale.

"Chitsiru iwe. Nsanza yogwira zotere sibwerera mu ndowa. Timaikwirira, madzi ake timathira m'dzenje. Ndikanatenga yabwinoyo, amalume ako akanatsukira chiyani Loweruka linalo?" Anakanda chikope chakufacho. "Koma nanenso ndinalakwa. Ndinaona msinkhu, ndinayesa ukudziwa kuti mdzukulu akatukwana maliro amafuna ofedwa akwiyire iye, asakwiyire Mulungu kapena okhaokha. Iwe unakwiyadi. Unangopitirira muyeso."

Loweruka linalo silinabwere. Amalume anaigulitsa galimotoyo itangouma, osakhalamonso ngakhale kamodzi. Mpaka lero amapita kuntchito wapansi. Amadutsa pamlatho m'mawa, ine ndili m'munsi ndi ndowa. Ndimawapatsa moni, amayankha. Zimathera pomwepo. Kupepesa ndinayesa kamodzi, anangoti, "Unapepesa kwa mwini diso?" n'kupitirira.

Tsopano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndikadali kumtsinje. Mtima wanga sunasinthe kwenikweni, ndisakunamizeni. Munthu akandiponyera makiyi ngati akuponyera galu fupa, ndimalowetsa manja m'madzi mpaka azizire. Anzanga a giredi seveni ena ndi aphunzitsi, amabweretsa galimoto zawo kwa ine. Ena amafunsa ngati n'kwabwino kutsuka wekha kapena kulipira. Ndimawauza zoona, ngakhale zimandidyera ntchito: fumbi lanu tsukani nokha, mudzaidziwa galimoto yanu, ndipo palibe adzaisamala kuposa inu. Amalume sankanama. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pali litsiro lina limene mwini wake sayenera kuligwira, osati chifukwa lamunyansa, koma chifukwa akaligwira sadzadzukanso. Ine ndinaona munthu akukhoma chitseko ndinati ndi kunyada. Ndinaona munthu akuseka ndinati ndi chipongwe. Onse awiri anali atanyamula maliro a amayi anga, aliyense mbali yake, ine n'kugenda wonyamula.

Mwezi watha kunabwera bambo wina, galimoto magalasi otseka kotentha chonchi, ntchentche zikuilondola. Anatsika ndi ndowa yake ndi sopo wake. Anati amangofuna madzi, m'kati atsuka yekha. Anagwira chitseko cha kumbuyo, osachitsegula. Anaima choncho mpaka sopo anagwa m'manja.

"Anali ndani?" ndinafunsa.

"Bambo anga."

Sindine wa mudzi wawo. Koma pa boma, wagwira nsanza ndiye mdzukulu. Ndinatenga makiyi m'dzanja lake.

"Mdalayo ndi wochenjera," ndinatero. "Wamva mtengo wa feteleza chaka chino, wati limani nokha."

Anandiyang'ana, chibakera chitakungika. Ndinadikira. Kenako anaseka kuseka koipa, kokhala ngati chifuwa, ndipo kusekako kunasanduka china. Ndinamuuza apite kumsika akamwe tiyi, asabwere dzuwa lisanapendeke.

Atapita, ndinasankha nsanza yakutha kuposa zonse. A Lameki anali atakhala pa tayala lawo, akundiyang'ana ndi diso limene ndinawasiyira.

"Wayesako," anatero. "Koma tsiku lina, usanatsegule pakamwa, uziyamba wasuntha mwala umene uli pafupi ndi munthuyo."