Masitepe Anayi a Chimbudzi cha Pamsika

Amene amati ba Eneless Bwembya ndi amwano sanakwawepo m'chimbudzi cha pamsika. Mayi amenewa poliyo inawagwira ali ndi zaka zinayi kwawo ku Petauke, miyendo n'kufota. Anabwera ku Kanyama ali mtsikana, analera ana awiri pogulitsa tinsomba ta kapenta, akuyenda pa njinga yopalasa ndi manja, kaya m'matope kaya m'fumbi. Sanapemphepo pamsewu ngakhale tsiku limodzi.

Ku Kanyama mvula ikagwa madzi salowa pansi, ndiye aliyense amamanga khomo m'mwamba. Chaka chimene kwacha inagwa, magetsi n'kumathima tsiku lonse, komiti ya msika inamanga chimbudzi chatsopano poopa kolera. Masitepe anayi! Ba Eneless ankasiya njinga pansi n'kukwawa pa simenti ya mikodzo, ndi manja omwewo opimira kapenta. Ogula ataona anayamba kulambalala tebulo lawo.

Anapita kwa tcheyamani wa msika, ba Josiah Mutale, atanyamula pepala la lamulo la anthu olumala.

"Ba Tcheya, lamulo ikamba kuti malo ya bantu bonse na ise tifunika kungena."

"Mayo, simenti yadula. Muzipempha banzanu bazikunyamulani."

"Banyamule ine? Ndine saka ya malasha? Imwe bamakunyamulani mimba ikavuta?"

M'mawa uliwonse ankaimika njinga pakhomo la ofesi, wolowa aliyense azichita kupanikizika. Sabata yachitatu tcheyamani anatopa, anaitana Hosea, womanga nyumba, kuti amange chokwerera cha njinga. Hosea moyo wake wonse wamanga zokwerera za mawilibala: zazifupi, zochita kuimirira, poti kumbuyo kumakhala mwamuna wokankha. Anamanga chomwecho, n'kusalaza ngati mbale. Kufunsa mwini njinga? Ayi ndithu, mutu unali ku wilibala.

Simenti itauma ba Eneless anayesa. Tayala lakutsogolo linanyamuka, njinga inawagwetsa chagada m'chithaphwi, chitenje m'mwamba. Ena anaseka, agalu!

"Takumangilani," anatero tcheyamani. "Mufuna chani futi? Simuyamika imwe."

Ba Eneless sanalire. Anakwawa mpaka pomwe panali zida za Hosea, anatola hamala, n'kuyamba kuswa. Manja opalasa njinga zaka makumi atatu si manja oseweretsa, simenti inkangouluka.

Tcheyamani anawaopseza ndi apolisi: "Niitana kapokola!"

"Itanani! Nizabapasa njinga bakwele, tione ngati bazafika."

Amayi a tomato ndi a masamba anasiya matebulo n'kuwazungulira. Mmodzi anakuwa kuti nayenso anaterereka pamenepo dzulo ali ndi mwana kumsana. Tcheyamani anayang'ana uku ndi uku, wom'thandiza palibe.

Hosea anachita manyazi. Anagwada pafupi nawo.

"Mayo, nionetseni."

Anamuonetsa. Chokwerera chiyambire kutali, chiyende m'mbali mwa khoma pang'onopang'ono, chikhale chokhakhala, pakhomo pakhale potembenukira. Njira yake inadutsa ndendende pomwe panali tebulo la mazira la akazi a tcheyamani, ndipo tebulolo linasuntha, mwini wake akutukwana msika wonse.

Mpaka lero banja la Mutale silipereka moni kwa ba Eneless. Zawo zimenezo. Patapita masiku asanu Hosea atamanganso, ba Eneless anapalasa okha mpaka pamwamba, manja ali oyera, analowa ndi njinga yawo n'kudzitsekera chitseko.