Mabwato atatu a ba Mutinta

Ndikakumbukira ba Mutinta, ndimamva fungo la nsomba zowamba ndi utsi wa nkhuni zaziwisi umene unkalowa pawindo lathu m'mawa uliwonse, iwo akutembenuza nsomba pawaya uku akukalipira anyamata a njinga ochokera kudoko la Chanyanya. Anali oyandikana nafe ku Kafue, zaka zimene mafakitale ankamangidwa dziko litangolandira ufulu.

Atate anali mphunzitsi. Atapeza malo okachita digiri yachiwiri kunja, boma linavomera kuwabwereka ndalama, koma linafuna munthu wa katundu woti asainire: atate akapanda kubwerera kudzagwira ntchito, katunduyo alandidwe. Anzawo ovala mataye onse ankakhala m'nyumba za kampani kapena za njanji. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi njerwa yakeyake.

Ba Mutinta anali ndi mabwato atatu. Kulemba sankadziwa. Anapita kuboma atavala chitenge chonunkha utsi, nadinda chala.

"Ba Ticha, yendani mukaphunzire," anatero. "Koma mukabwele, ka. Nsomba sizigwiliwa na digiri."

Patapita zaka ziwiri kalata inafika. Atate anali atapatsidwa ntchito ya malipiro abwino kumeneko, ndipo ankaganiza zokhalako pang'ono, ngongoleyo azibweza ali komweko. Pepala la boma silinkalola zimenezo. Amayi analira, kenako anakawawerengera ba Mutinta kalatayo.

Iwo sanakalipe. Anapukuta manja, nandiitana chifukwa ndinkalemba bwino kusukulu.

"Iwe, lemba. Hamoonga, na mukazi wake, na bana banayi. Sakala, na amai bake bakhungu."

Anatchula asodzi onse a mabwato aja ndi aliyense amene ankadya kuchokera mu ukonde wawo, kufikira khanda la miyezi iwiri. Tsamba linadzaza.

"Nilembe chani pansi, ambuya?"

"Palibe. Ni munthu wophunzila, azabelenga."

Tsambalo tinawatumizira atate, ndipo anatsika sitima pasiteshoni ya Kafue mvula isanayambe. Anapita kaye kwa ba Mutinta, sutikesi ili m'manja, nagwada pakhomo. Iwo anangoti, "Mwaonda, ba Ticha. Kulibe vakudya uko?"

Digiri imeneyo ndi imene inatiphunzitsa ana asanu. Ine ndagwira ntchito ya nyuzipepala moyo wanga wonse, ndipo nkhani ya ngongole za ophunzira ikafika patebulo langa, mtolankhani ndimamubweza akafunse kuti anawasainira ndani, ndipo kunyumba kwa wosainirayo kumadya anthu angati.