Anti Rula ndi Munthu Wosita Msewu

Kachipinda kamene Anti Rula amalukiramo tsitsi n'kakang'ono, moti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Muli mpando umodzi wapulasitiki, umene amausanjikira mapilo kuti ana azifika pagalasi, benchi la amayi odikira, ndi shelefu yodzaza zipeso ndi mabotolo a mafuta. Kuseri kwa khoma lamatabwa kuli a Lumo, ometa tsitsi. Khomalo silifika kudenga, ndiye zokamba za uku zimamveka uko, ndipo a Lumo sadikira kufunsidwa kuti ayankhe.

Dzina loti Rula anawapatsa ndi makasitomala. Akagawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso, mzere umachoka pamphumi mpaka kunkhongo osapatuka, ngati alemba ndi rula. Palibe chimene amanyadira kuposa chimenechi. Mwana akadutsa pakhomo ndi mizere yokhota, amatsonya pang'ono n'kunena chapansipansi kuti, "Wolukayo amaluka galu akumuthamangitsa."

Ntchito yawo ndi ya mitu ya ana. Koma mutu wa mwana si dzungu loti ukaliika apa likhala pomwepo. Umatembenuka, umawerama, umafuna kuona kumene ntchentche yapita. Ndiye tsiku lina anatenga foni yawo yakale, yong'aluka pakona, kupita nayo kwa wokonza mafoni kuti awaikiremo makatuni a ana. Kaya mkuluyo anawatola kuti, kaya anasokoneza, koma zimene anaikamo sizinali zimene ana anazolowera. Tinali timakatuni tifupitifupi, topanda mawu, topanda mutu ndi mchira womwe.

M'kena mpando umatopa kukhalidwa, umagwetsa mwiniwake, n'kumukhalira pamsana uku ukuwerenga nyuzipepala. M'kena ng'ombe imakhala m'ketulo, madzi akawira imasuzumira panja kuona ngati kukugwa mvula. M'kena dzira limapita kukametetsa.

Ka dzirako kanawapweteka mtima a Lumo. Tsiku loyamba kukaona anaima pakhomo mashini ali m'manja, kasitomala wawo atamusiya wometa mbali imodzi.

"Akumeta chiyani pamenepo? Dzira lili ndi tsitsi?"

Pafonipo wometa wa m'katuni anali kalikiliki ndi sizasi, tsitsi likugwa mulu mpaka kumufika m'mawondo, dzira lili phee, mpala wake womwe uja. Pomaliza linadziyang'ana pagalasi n'kukwinya nkhope, ati sanachepetse mokwanira.

"Uku n'kunyoza ntchito za anthu," anatero a Lumo. "Nanga phunziro lake n'chiyani? Kanema aliyense amakhala ndi phunziro."

Make mapasa, amene amabwera ndi ana ake awiri Loweruka lililonse ndipo pakamwa pake sipatera ntchentche, anayankha ali pabenchi: "Phunziro lake n'loti ojambulawo asiye zimene amasutazo."

Ana sanafunse kanthu. Kwa iwo dzira kukametetsa sinali nkhani. Mmodzi mwa mapasawo anangodandaula kuti pomaliza sanalipake mafuta.

Anti Rula sanavomere kapena kutsutsa, chifukwa iwo makatuniwo anali asanawaonepo. Foni imatsamira botolo pansi pa galasi, maso awo amakhala pamutu. Makatuniwo amawadziwa ndi zala. Ka mpando kakayamba, mutu wa mwana umadumpha ngati ali panjinga pamsewu wa mabampu. Kameneko n'koononga ntchito, amakaika akamaliza kuluka. Ka ng'ombe, mutu umapendekera kumanzere kufuna kusuzumira m'ketulo. Koma alipo ena oti mwana amangoti kukamwa yasa, khosi gwa, kuyesa kumvetsa zosamveka. Amenewo ndiwo a ntchito. Amawatcha zoumitsa khosi, ndipo mfumu ya zoumitsa khosi ndi ka munthu wosita msewu. Iwo ankangodziwa zimene ana anawauza, kuti bambo wina amasita msewu ndi simbi magalimoto akudikira. Kanyimbo kake n'kaulesi, ndipo palibe mwana anakasekapo.

"Ndikaika kameneko," ankauza amayi a pabenchi, "ndimaluka ngati ndikuluka chidole."

Loweruka lina m'mawa panafika bambo wamtali wovala ovololo, manja ake ali timabala ta moto wothetheka. Anali wowotcherera zitsulo wa kumapeto kwa msewu. Kumbuyo kwake kunali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, katavala chipewa chaubweya kunja kukutentha. Bamboyo anaima pakhomo ngati munthu wolowa m'chipinda cha azimayi mwangozi.

"Anti, ndabwera ndi mlandu," anatero, n'kumuvula mwanayo chipewa.

Make mapasa anagwira pakamwa. Tsitsi linali lambiri, lalitali, koma litamangana n'kukhala chimbamu chimodzi, ngati thonje la m'matiresi akale. Chakunkhongo munali mano awiri a chipeso amene anathyokera momwemo.

"Mayi ake ali m'chipatala, anachita ngozi. Papita nthawi," anatero bamboyo, akupotokola chipewa chija. "Ine ndayesa, Anti. Zitsulo ndimawongola, koma izi zandikanika. Mawa atilola kuti mwanayu akawaone koyamba. Tsitsi limeneli mayi ake analisunga chibadwire, lumo silinadutsemo. Koma sindingapite naye chonchi, angati mwana ndamutaya. Ndibwera masana ndikaweruka. Likakanika, a Lumo amete basi."

"Mashini ali tcheru, achimwene!" anafuula a Lumo kuseri kwa khoma.

Kamtsikanako kanagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Inu a Lumo, samalani mazira anu," anatero Anti Rula. "Bambo, pitani kuntchito. Bwera kuno, mwanawe."

Make mapasa anakoka ana ake kuti apereke malo. "Ife tilibe changu, ayambe ameneyu."

Anti Rula anapopera madzi, anathira mafuta, n'kuyamba kumasula ndi zala kuchokera kunsonga, pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma anayenera kumachotsa kaye timanja ta mwanayo, ndipo akachotsa dzanja ili, lina linali litabwerera kale. Anaika ka ng'ombe ya m'ketulo. Mwanayo sanayang'ane n'komwe. Anaika ka dzira. Maso ake anali pansi. Chipeso chitakola mfundo yoyamba sanalire mokweza. Anangotsetsereka pampando, n'kukaima pakona nkhope kukhoma, misozi ili chuchuchu popanda mawu.

Ana okuwa Anti Rula amawadziwa, ana oluma amawadziwanso. Ali ndi chipsera pachala chochitira umboni. Koma mwana wolira mwakachetechete anawasowetsa chochita. Anamunyengerera, anamubweza pampando, anayambanso. Dzuwa linachoka pakhoma, linafika pakhomo, linayamba kulowa m'nyumba, iwo atangomasula kachigawo ka pamwamba pa khutu. Kuseri kwa khoma mashini a a Lumo ankalira, kusiya, kuliranso, ndipo akalira mapewa a mwanayo ankakwera mpaka m'makutu.

"Anti, nthawi," ananong'ona make mapasa.

"Ndikuiona."

Anapukuta chala pachitenje n'kuika ka munthu wosita msewu. Sanayembekeze zambiri, ankangofuna kuti khosi liume pang'ono, alowetse chipeso. Kanyimbo kaulesi kaja kanayamba. Mapasa pabenchi anati kukamwa yasa monga mwa masiku onse. Ndiye Anti Rula anamva kanthu pansi pa zala zawo, kunjenjemera kwakung'ono. Anati mwana wayambanso kulira. Atayang'ana pagalasi anaona waluma mlomo wam'munsi, masaya atafufuma.

Kenako chinaphulika.

"Adadi! Ndi adadi amenewo!"

Anali mawu ake oyamba chilowereni. Ankaseka akuloza foni ndi manja onse awiri, manja omwe aja amene anakakamira pamutu m'mawa wonse.

Anti Rula anachita chimene sanachitepo: anachotsa maso pamutu n'kuyang'ana pafoni. Anaona kabambo kowonda, kamiyendo ngati zitsotso, katagwada pakati pa msewu, lilime lili panja chifukwa cha khama. Kanalavulira simbi kuti kamve ngati yatentha, n'kuyamba kusita phula, mabasi atandandalika kudikira mwaulemu. Kenako kanatembenuka kuyang'ana mbalame, simbi kataisiya pansi. Utsi tolotolo. Pochotsa simbiyo, pamsewu panali chibowo chofanana ndi simbi yomweyo. Kabamboko kanayang'ana uku, kanayang'ana uko, n'kupinda msewu wonse ngati thalauza kuti bowolo libisike mkati. Mabasi anangoyamba kuyenda pamsewu wopindawo, ena chadodolido, okwera ali phee kuwerenga nyuzipepala.

"Anawotcha yunifolomu yanga choncho!" anatero mwanayo akupuma movutikira. "Lilime panja choncho! Kenako anaipinda, ati tisawauze amami!"

Make mapasa anagwa nalo phwete mpaka kumenya benchi. Mapasa, amene anakaonera kameneka kambirimbiri osaseka, anayang'anana n'kuyamba kugubuduka nawo, osadziwa n'komwe chimene akuseka. A Lumo anasuzumira pakhomo.

"Mwaona? Ndinanena ine! Phunziro lilipo. Mwamuna asamagwire simbi."

"Nanga malaya anuwo amasita ndani, poti akazi anu anatopa nanu?" anatero make mapasa.

"Bwezaninso, Anti," anapempha mwanayo.

Anabweza. Mwana akuseka, chipeso chinalowa. Mfundo ikakoka ankangoti "ayi!" n'kupitiriza kuseka, maso pa kabambo kaja. Anabwezanso, n'kubwezanso. Mano a chipeso aja anatuluka, tiudzu tinatuluka, kamkanda kamene mayi ake anamumangira kalekale kanatuluka. Tsitsi linadzuka lonse, lofewa, lambiri ngati mtambo.

Tsopano inafika nthawi yogawa mizere, ndipo apa m'pamene Anti Rula anaima. Mutu unali kudumpha. Akaika nsonga ya chipeso pamphumi, kabambo kaja kamalavulira simbi, mzere n'kuthawira kukhutu. Anadziwa chochita; amachita tsiku ndi tsiku. Kuzimitsa foni, kugwira chibwano, kunena kuti "khala bwino," basi. Chala chawo chinafika mpaka pafoni. Pagalasi anaona mwanayo wachiona chalacho, kuseka kukuzima, timanja tikuyamba kukwera kubwerera kumutu.

Chalacho chinakabweza kakatuni poyambira.

Analuka mutu ukuvina. Analuka iwonso akubera kuyang'ana, chifukwa pamene mabasi ankayenda chadodolido panali kamayi kena m'basimo kamene kankathira tiyi m'kapu, tiyiyo n'kumakwera m'mwamba, ndipo nthawi iliyonse Anti Rula akakaona mimba inkawagwedezeka ndi kuseka. Zoluka zinagwira bwino, zolimba, zoyera. Koma mizere, abale! Wina unayamba bwinobwino n'kusintha maganizo panjira. Wina unakhota ngati njira ya nyerere zoledzera. Awiri anakumana pankhongo ngati anapangana.

Bambo uja anafika masana akununkha utsi wa zitsulo. A Lumo nawonso anatulukira, mashini ali m'manja, koma atangoona mutuwo anawabisa kumbuyo.

"Anti Rula," anatero a Lumo, akuzungulira mwanayo, "kodi lero rula yathyoka?"

Anti Rula ankatolera zipeso zimene zinali zotolera kale, nkhope itawatentha. "Bambo, mubwere naye Lolemba ndidzamasule. Izi si ntchito yanga. Mutu sunakhazikike."

Bamboyo sanamve n'komwe. Anawerama, n'kukhudza zolukazo ndi kuseri kwa dzanja, poopa kuzidetsa. "Lonse lilipo?" anafunsa.

"Lonse. Ndangochotsamo chipeso chanu."

"Adadi, bwerani mudzadzione mukusita!" Mwanayo anawakoka chala mpaka pafoni.

Chimunthu chonse chija chinanyonyomala patsogolo pa shelefu, mawondo kufika m'makutu. Anti Rula anabweza kakatuni poyambira. Kabambo kanalavulira simbi, kanasita, kanawotcha msewu, kanapinda. Wowotcherera zitsulo anaonera mpaka pamapeto osaseka ngakhale pang'ono, nkhope ili ngati ali pamaliro. Kenako anapukusa mutu.

"Simbi yake yatentha kwambiri," anatero. "Akanayala kansalu konyowa pamwamba. Inenso ndinadziwa mochedwa."

Make mapasa anachita kutuluka panja kukasekera kumeneko. A Lumo anatsamira khoma mpaka matabwa analira. Mwanayo anakwera pamsana pa bambo ake akadali chinyonyomalire, n'kuwakulunga manja m'khosi.

Potuluka, Anti Rula anawatsatira mpaka pakhomo, akuyang'anabe mizere ija ndi diso limodzi ngati ikuwawawa.

"Bambo, chinthu chimodzi. Mayi ake akakafunsa kuti waluka ndani, mukanene kuti ndinu."

Bamboyo anapotoloza khosi, anayang'ana mutu wa mwana wake bwinobwino, kuyambira pamphumi mpaka pamene mizere iwiri ija inakumana.

"Akakhulupirira," anatero. "Akakhulupirira ndithu."