A Humphrey ndi Kachikwama ka Pansi pa Chishalo

Nkhani inafika pamsika wa Katete minibasi imene inanyamula mboni ikanali m'njira, ndipo aliyense amene anailandira anathirako kamchere. Akuti a Humphrey Chulu, amisiri a njinga aja a pansi pa mtengo wa mango, munthu wa imvi zake, mkulu wa mpingo, anawaona chakufupi ndi Sinda atagona chafufumimba m'munda wa thonje wa eni ake, ataluma sipanala ngati galu wapeza fupa. Ogulitsa tomato akuti ankalira. Ometa tsitsi akuti ankapemphera. A Valentino a makala, amene chibadwire sanaonepo chinthu chaching'ono, akulumbira kuti misozi inathirira munda wonse, mpaka mwini munda akuwafunafuna kuti abwerenso chaka chamawa.

Koma chimene chinawagonetsa m'thonjemo chinayambira kutali, pa bokosi lawo.

A Humphrey anakulira ku Vubwi, kumene njinga ndiyo ngolo, ndiyo basi, ndiyonso ambulansi. Ali mnyamata ankanyamula nsawa kupita nazo kutsidya kwa malire. Tsiku lina tcheni chinaduka pakati pa thengo, iwo alibe ngakhale msomali m'thumba, ndipo anakankha njinga ndi matumba ake mpaka zidendene zinang'ambika. Kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzatulukanso pakhomo chimanjamanja. Anakhoma bokosi la malata n'kulimangirira pa kaliyala. M'menemo munali hamala, pulayala, masipanala a banja lonse kuyambira agogo mpaka chidzukulu, mphira zomangira, sulushoni womatira, zigamba, ndi pampu yaitali ngati munsi. Ngakhale tsiku la chitengwa, akazi awo, amai Dorica, anabwera atakhala pamwamba pa bokosilo, ndipo mpaka lero amati ukwati wawo unayamba ndi kubayidwa ndi hamala.

Atasamukira ku Katete, mwana wawo Abigail anakula ngati mfumukazi ya matayala. Tayala lake likangoti fwee, atate ake afika kale, beseni la madzi m'manja. Abigail anatchova kupita kusukulu, anaphunzira unesi, anayamba ntchito pa kiliniki, koma chubu sanachigwirepo.

"Manja a nesi awa," ankatero a Humphrey. "Girizi ndi wanga."

Ndiye chaka chino Abigail anabwera ndi matenda atsopano. Analembetsa mpikisano wa ku Lusaka umene munthu amayamba ndi kusambira, akatuluka m'madzi akwera njinga, akatsika njinga ayamba kuthamanga, popanda ndi mmodzi yemwe womuthamangitsa. M'mawa ali ku damu, madzulo ali pa msewu. Anagulanso njinga kwa mnzake wa kuntchito, yoonda ngati udzudzu, matayala ngati chala, kaliyala palibe.

"Za zida usade nkhawa," anatero a Humphrey, akuyala saka pakhonde n'kukhuthulirapo bokosi lonse. "Tikwera basi limodzi. Ine ndikakhala m'mbali mwa msewu."

"Atate, malamulo salola. Munthu wina akangogwira njinga yanga, andichotsa mu mpikisano."

"Munthu wina? Ine ndakhala munthu wina liti?"

"Ngakhale inu, Atate. Zonse ndinyamula ndekha. Umu."

Anawaonetsa kachikwama ka pansi pa chishalo, kakang'ono ngati bansi ya pasitolo. A Humphrey anakayang'ana, anakatembenuza, anasuzumiramo ndi diso limodzi.

"Nanga beseni?"

"Beseni la chiyani?"

"Pobowoka upaona bwanji popanda madzi?"

"Mumangireni ndi mgolo womwe, atate ake Abigail," anatero amai Dorica ali pakhomo, "kuti akatopa azisamba panjira."

A Humphrey anagwada pambali pa njinga. Anatenga sipanala kuti aonetse ntchito. Anazungulira njinga yonse osapeza nati ya msinkhu wake. Anatenga ina, ndi inanso, banja lonse linakanidwa. Njinga imeneyi inkamva kachitsulo kopindika kotchedwa alenki basi. Anabweretsa pampu yawo yaikulu ija, koma kamwa lake linali lalikulu, valavu yoonda ngati udzu, mpweya unkangothawira m'mbali. Anaima pamenepo, pampu m'manja. Kenaka anayamba kubweza zida m'bokosi chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, osasokosa nazo monga amachitira masiku onse.

Abigail anakhala pansi pafupi nawo.

"Atate, vuto si zida. Vuto ndine. Sindidziwa kuchotsa tayala. Loweruka ndipita cha ku Sinda ndekha. Ndikafika pa munda wa thonje uja wa pa kamlatho, ndiphwetsa dala, ndichotsa chubu, ndiika china. Ndikalephera, ndifufutitsa dzina. Sindingakakhale pansi m'msewu wa ku Lusaka kudikira inu."

Apa m'pamene a Humphrey anazindikira kuti mwana anamulera bwino mpaka kumulemaza. Sukulu inayamba madzulo omwewo, koma mphunzitsi anali wovuta. Abigail akangogwira tayala, manja a atate ake afika kale. "Pereka kuno, ndikuonetse kamodzi kokha." Kamodzi kameneko kanachitika mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Mawa lake amai Dorica anawaika lichero la nsawa pamiyendo.

"Iswani izi. Pakamwa pokha ndipo paphunzitse. Dzanja likachoka mu lichero, ndiwo mulibe."

Anaphunzitsa ndi pakamwa, zala zikuswa nsawa mwaukali. Uyendetse chala m'kati mwa tayala, munga umabisala. Beseni ngati palibe, upope pang'ono, udutsitse chubu pafupi ndi mlomo, kamphepo kadzakunong'oneza. Pobwezera tayala, mbali yomaliza usalimbane nayo ndi zala, uikankhe ndi zikhatho.

Timapulasitiki totsegulira tayala timene Abigail anagula ku Chipata, kamodzi kanathyoka tsiku lachiwiri. A Humphrey anamwetulira koyamba sabata imeneyo. Analowa m'nyumba mwakachetechete, anatuluka ndi masipuni awiri, anadula mitu, zogwirira zake anazipala ndi tupa mpaka zinasalala ngati sopo, kuti zisakande limu, chitsulo cha gudumu.

"Masipuni anga a alendo!" anakuwa amai Dorica.

"Alendo azimwa tiyi wosatakasa, amake mwana. Awa akupita ku Lusaka."

M'kachikwama munalowa chubu, zigamba ndi sulushoni zogula yekha Abigail, alenki, ndi masipuni opanda mitu aja. Kapampu kakang'ono kanamangidwa pa felemu. Pa chuma chonse cha a Humphrey, cholowamo chinali cha kukhitchini kwa akazi awo, koma zipi anatseka okha ndi ulemu wonse, ngati akutseka Baibulo.

Loweruka a Humphrey anadzuka Abigail asanadzuke, nanena kuti akukaona munthu wodwala. Wodwalayo ayenera kuti ankakonda hamala, chifukwa bokosi linapita nawo.

Atabisala m'thonje muja, anamuona Abigail akufika, akutsika, akuphwetsa. Chubu chinatuluka bwino. China chinalowa. Koma mbali yomaliza ya tayala inakana. Abigail analimbana nayo ndi zala, tayala n'kumubwerera. Anayesanso, chala chinachekeka, anachiika mkamwa. Kenaka anakhala pansi pa miyala n'kuyang'ana msewu wa ku Katete, momwe ankayang'anira ali kamtsikana ka yunifomu. Bondo la a Humphrey linadzuka lokha. Analibweza. Pakamwa panatseguka kuti pakuwe "zikhatho!", ndipo chimene chinali pafupi kuti chitsekepo chinali sipanala.

Abigail anapukuta manja pa kabudula. Anaika gudumu pa maondo, anakankha ndi zikhatho, pang'ono, pang'ono, mpaka tayala linati khwa. Anapopa, anakwera, anapita osacheuka. A Humphrey anakhalabe chigonere kanthawi, ndipo m'pamene minibasi ya mboni inadutsa.

Madzulo anafika pakhomo napeza Abigail akupukuta njinga, chala chomangidwa bandeji.

"Atate, ndikupita ku Lusaka."

"Chabwino," anatero, akuyang'ana kumbali.

"Odwala ali bwanji?" anafunsa amai Dorica, akuwathothola thonje m'tsitsi, lina pa kolala, lina kuseri kwa khutu.

"Akupezako bwino."

Abigail anawagwira dzanja, lija la girizi, n'kulisunga m'manja mwake.

"Pamsika akuti munagona m'munda wa eni, Atate. A Valentino akuti munalira."

A Humphrey anakonza kolala, anatsokomola ngati akuyamba pemphero, nanena mokweza kuti ndi a nyumba yoyandikana amve:

"Sindinali ine. Ku Sinda ine sindinapiteko."